Kasitima Kankhondo ka Bambo Ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Uli bwanji kumeneko, pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu? Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno ine kuthupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo.

Nkhani yake ndi ya kasitima kankhondo kapamadzi kachidole kaja unatumizira bambo ako kuti azimanga. Sindikukudzudzula ayi. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Bokosi lija litangofika, tebulo langa lodyera linalandidwa. Bambo ako anayalapo nyuzipepala n'kukhuthula timatabwa, timizinga, timakwerero ndi tizidutswa tamkuwa tating'ono ngati mano a chipeso. Chiyambire tsiku limenelo timadyera pamiyendo. Akangotsitsa ana n'kukaimika basi ya sukulu madzulo, sachezanso ndi anzawo pakhonde, amangosamba m'manja n'kuvala magalasi, basi nkhondo yayambika. Ine ndinkawaseka kuti munthu woopa kuwoloka kamlatho ka matabwa lero wasanduka mkulu wa asilikali apamadzi.

Zamatabwa zinayenda bwino ndi guluu. Mavuto anabwera pa zamkuwa, monga mlongoti ndi timipanda ta m'mbali mwa sitimayo, chifukwa zimenezo zimafuna kuwotcherera ndi mtovu. Ndiye anaitana Wamawailesi uja wa kuseri kwathu kuti awaphunzitse.

Anabwera ndi kachitsulo kake kamagetsi, waya wamtovu ndi kabotolo ka mankhwala. Anawaonetsa kuti mkuwa uyambe wapalidwa mpaka kuwala, upakidwe mankhwalawo, kenako utenthetsedwe kuti mtovu ukangokhudza usungunuke wokha n'kulowa polumikizirapo. Anawachenjezanso kuti mkuwa ndi wamiseche, ukautentha mbali ino umakanena mbali inayo nthawi yomweyo, choncho aziugwira ndi chopanira, osati ndi zala.

Bambo ako ukuwadziwa kuuma mutu kwawo. Akuti chopanira chimawachedwetsa, tizinthuto timaterereka. Masiku oyamba mtovu unkangounjikana ngati manyi a mbuzi, koma posakhalitsa anauzolowera, timipanda tinayamba kuima mwaudongo moti nanenso ndinasirira.

Tsiku lina Wamawailesi anandiuza akuseka kuti mwa anthu onse amene anawaphunzitsapo, ndi bambo ako okha amene sanakuwepo mayo n'kuponya chitsulo pansi. Iwo anadziguguda pachifuwa, akuti zala zimene zagwira chiwongolero moyo wonse sizingaope kamoto ka ana. Tonse tinaseka, ndipo ine wopusane ndinaseka kuposa onse.

Lolemba lapitali kanangula kamkuwa kanasowa. M'nyumba munalibe mtendere. Ananena kuti ndakasesa ndine, kuti tsache langa lilibe maso ngati mwini wake. Ndinakakhuthula zinyalala pabwalo n'kumafufuza ndi kamtengo ngati nkhuku, koma osakapeza. Tinagona chopatsana misana.

Amati tsoka silinunkha, koma langa linanunkha. Mawa lake madzulo, ndikuwabweretsera tiyi, ndinamva fungo ngati la nthenga zowauka. Ndinayesa kuti ndasiya nsalu pafupi ndi moto. Nditafika patebulo ndinawapeza atatsina mlongoti ndi zala ziwiri, kachitsulo kamoto kali pomwepo, utsi ukufuka pa chala chachikulu. Iwo akuimba likhweru.

Kapu inandipulumuka n'kusweka. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti makapu andilakwira chiyani.

Ndinawalanda dzanja lija. Khungu linali litayera, litamatirira ku mkuwa. Zala zinazo zinali ndi zipsera zakale, zija ankamatapo pulasitala n'kumandinamiza kuti achekeka ndi mpeni. Nditafunsa ngati sakumva kuwawa, anangoseka kuseka kopanda mchere.

Nditagwada kuti nditole zidutswa za kapu, ndinaona sokosi yawo ili ndi banga lakuda kuchidendene. Anakana kuti ndiwavule, koma ndinawavula mokakamiza. Mwana wanga, kanangula kaja kanali mmenemo. Kanali katalowa m'mnofu, pozungulira patatupa. Munthu anagona nako, kuvala nako nsapato, kuyenda nako tsiku lonse, uku akundinena ine ndi tsache langa.

Ndinakazula ndi chopanira chomwe ankachikana chija. Wolira ndi ululu ndinali ine, iwo ankangoonerera ngati phazi ndi la munthu wina. Kenako anati kani kanali kumeneko, ndiyesetse kuti ndisakapinde.

Apa mpamene anaulula. Akuti zinayamba chaka chatha ndi zala zakumapazi, ngati mukuyenda nyerere, kenako mapazi onse anangoti zii ngati akuponda pa thonje. Zitafika kumanja anachita mantha n'kubisa. Ndinakumbukira kuti miyezi yonseyi akhala akundipempha kuti ndiziwamanga mabatani a malaya m'mawa. Ine ndinkanyadira, ndinkayesa chikondi cha ukalamba, osadziwa kuti mabataniwo sawamva.

Kenako ndinakumbukira basi ya sukulu ija. Ndinawafunsa kuti nanga buleki amaimva bwanji.

Anasisita kasitima kaja. Ndiyeno anati amaponda mongoyerekeza, bondo ndi kulira kwa injini n'zimene zimawauza. Ndinawapanikiza ngati sizinalakwikepo. Anati kamodzi kokha, pokhota pa msika paja, phazi linapita pa moto m'malo mwa buleki, basi inalumpha n'kukhula ngalande, ana n'kuombera m'manja poganiza kuti adalaivala akuwasangalatsa.

Ndinagwira pakamwa. Ana a eni, mwana wanga! Tiana tija timawaitana kuti agogo, tina sitinathe n'komwe kugulula mano.

Ndinawauza kuti kukacha akanene okha kwa ahedi a sukulu. Anakana kwamtuwagalu. Akuti msewu umenewo amaudziwa ngati m'thumba mwawo, ndipo mwamuna akakhala pakhomo tsiku lonse amasanduka mpando. Anandifunsa kuti akasiya basi, anthu aziwaitana kuti ndani.

M'mawa anavala yunifolomu ngati palibe chachitika. Ndinakana kuwamanga mabatani. Analimbana nawo okha, atalephera anangovala jekete pamwamba n'kutuluka akutsimphina, osatsanzika.

Sindikudziwa kumene ndinazitenga mphamvu. Ndinadutsa njira yachidule ya kuseri kwa chigayo nditavala masilipasi, mpango uli m'manja. Ndinawapeza atangoliza injini m'bwalo la sukulu, mlonda akutsekula geti kuti azikatenga ana. Ndinakaima pakati pa getipo.

Anaimba hutala. Mlonda anangoti kukamwa yasa. Ine ndinakuwa kuti ngati buleki yawo amaikhulupirira, ayambe ayesera pa ine, mayi wa mwana wawo, asanakayesere pa ana a anthu. Sindinasunthe pamenepo.

Tinayang'anizana kudzera pagalasi la basi kwa nthawi imene sindingaiwale. Kenako injini inazima. Anatsika pang'onopang'ono, kupereka makiyi kwa mlonda, n'kulowera ku ofesi ya ahedi okha, osandicheukira. Tsiku limenelo ana anakatengedwa ndi dalaivala wina.

Chichokereni kumeneko sandilankhula. Akafuna madzi amauza khoma. Zimenezo ine ndipirira, mkwiyo supha munthu. Chimene chikundisowetsa tulo ndi chidendene chija. Chatupa mpaka nsapato sikulowa, ndipo mtundu wake sukundisangalatsa.

Zachipatala sakufuna n'kumva komwe. Atsekula pakamwa kamodzi kokha, kundikumbutsa za mnzawo makanika uja, amene analowa m'chipatala ndi kabala ka pachala n'kutuluka ndi mwendo umodzi. Ndinawayankha kuti mnzawoyo anapita mochedwa, ngati mmene akuchedwera iwowa, koma anangotembenukira kukhoma. Wamawailesi akuti mwina ndi shuga, koma iye uja ndi dokotala wa mawailesi, sitingamudalire pa miyendo ya anthu.

Wabwera m'busa, wabwera mlongo wawo, onse abwerera manja ali m'khosi. Watsala ndiwe. Ukudziwa kuti mawu ako okha ndi amene amalowa m'makutu mwawo, ngakhale amanamizira kukutsutsa. Anandiletsa kukuuza, akuti uli ndi ntchito ndi banja, usamavutike ndi phazi la nkhalamba. Ndawamvera zaka zonsezi, pa ichi chokha andikhululukire.

Usaimbe foni, chifukwa adzakuseketsa n'kukuuza kuti mayi ako amakulitsa nkhani. Pempha tchuthi kuntchito ubwere, udzawanyamule ngakhale akukalipa. Ine ndekha sindingathe, ndipo phazi silikudikira.

Dzulo ndinakhala pafupi nawo ali chiyang'anire pawindo, ndinaika dzanja langa pa dzanja lawo n'kulifinya. Ndinakhala choncho mpaka mkono kutopa. Sanalichotse, ndipo mtima wanga unayamba kutsika poganiza kuti andikhululukira. Kenako anacheuka, n'kudzidzimuka poona kuti ndawagwira.

Bwera msanga, mwana wanga.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti ndikudziwa kuti ndikuwasokonezera pakhomo, andimvetse. Adzukulu uwapsompsone, koma za agogo awo usawauze kaye. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akuyendetse bwino panjira.

Ndine mayi ako.