Magazi a Tereza

Amayi,

Kumene muliko mwadzuka bwanji? Kuno ku Ntengo-Wambalame kwacha ndi nkhungu yothina, moti mtengo wa pichesi uli kuseri kwa khola sunaoneke mpaka dzuwa litakwera. Ndimangomva njinga zamoto zikutsika ndi matumba a kachewere, ndi chigayo chikutsokomola chisanalire. Zala zauma ndi chisanu, mukhululuke ngati zilembo zapendama.

Chitisiyireni inu, mvula yagwa zaka ziwiri. Chimanga chaka chino chachita bwino, koma nyemba zinadyedwa ndi nsabwe. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri. Achemwali a Rozina abereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ine ndili kalasi ya nona, yachisanu ndi chinayi. Ndimakhalabe kumbuyo, pafupi ndi zenera, ndipo sindilankhula kwambiri, monga mukundidziwira.

Nkhani imene ndalembera ndi ya kamlongo kanga Tereza. Mwezi wathawu anadwala malungo. Thupi litazizira tinayesa wachira, koma ine ndinkamuyang'ana. Ankati akayenda kuchoka pakhonde kufika pankhokwe, n'kukhala pansi akupuma mwabefu. Nditatambasula dzanja lake ndinaona kuti m'manja mwayera. Nditakoka chikope, m'kati munali mbuu. Ndinakumbukira zimene munkanena, kuti thupi silisunga chinsinsi, wosamva ndi mwini nyumba. Ndinauza abambo.

Kuchipatala cha kwathu anatitumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko namwino anati magazi a mwanayo atha kwambiri, ndipo mwa osungidwa mulibe ogwirizana naye, pafunika wachibale apereke tsiku lomwelo. Ndinatambasula mkono, koma atamva kuti ndili ndi zaka dezaseyisi, khumi ndi zisanu ndi chimodzi zokha, anapukusa mutu. Azakhali a Felista, amene anabwera kuchokera ku Chidzolomondo kudzatithandiza, akuyamwitsa. Anatsala abambo okha.

Abambo anatuluka panja. Ndinawapeza atakhala pamwala kuseri kwa wodi ya ana, chipewa chili m'manja. Amayi, musawaweruze. Sanakane chifukwa chouma mtima. Anati: "Lorenso, magazi a munthu ndi oyezeredwa pobadwa, sabwerera. Akandichotsa botolo lathunthu ine n'kugwa, mutsala ndi ndani? Amayi anu kulibe."

Mukudziwa kuti sindinawatsutsepo abambo chibadwire.

Koma chaka chino apurofesora, aphunzitsi athu a Biyolojiya, anatiphunzitsa mmene thupi linamangidwira. Pali tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa selula. Selula zofanana zikakhala pamodzi pa ntchito imodzi zimapanga tesidu, monga mnofu. Tesidu zingapo zimapanga chiwalo, monga mtima kapena mapapo. Ziwalo zothandizana zimapanga sisitema, monga mtima ndi mitsempha yake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti magazi nawonso ndi tesidu, ngakhale amayenda ngati madzi, ndipo amapangidwa tsiku ndi tsiku m'kati mwa mafupa. Ndinazilemba bwino pa porova, mayeso athu aja. Koma mawu amenewa ndikanawauza bwanji abambo, amene sukulu yawo inathera pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo?

Azakhali anali atabwera ndi nkhuku yophika m'kambale, ndipo palibe amene anaikhudza. Ndinatenga fupa la ntchafu. Paja inu munkandikalipira ndikaliponyera galu, munkati, "Tafuna, mphamvu ya nkhuku ili m'kati." Ndinaliswa ndi mwala n'kuwaonetsa abambo zofiirira za m'katimo. Ndinati: "Ababa, magazi amachokera muno. Mafupa anu ali ngati chitsime cha kudimba, mukatunga m'mawa chimadzazanso. Magazi a Tereza malungo awaphwanya msanga kuposa mmene mafupa ake angabwezere. N'chifukwa chake mtima wake ukuthamanga, ndipo mapapo akuvutika. Si matenda atatu, ndi amodzi."

Anayang'ana fupalo nthawi yaitali. Kenako anati: "Ndiye lero nkhuku yakufa ikuphunzitsa bambo ako?" Azakhali, amene anali atatitsatira, anayankha ali chiimire: "Achimwene, nkhukuyo yanena zoona. Chaka chija munadzitema ndi nkhwangwa, magazi anadzaza beseni. Nanga amene mukulima nawo lerowa munabwereka kwa ndani?"

Abambo sanaseke. Anavala chipewa, n'kundifunsa ngati ndikutsimikiza. Amayi, pamenepo ndinachita mantha, chifukwa zonsezi ndinangoziona pa bolodi. Ndinavomera. Analowa.

Atawayeza, magazi awo anagwirizana ndi a Tereza. Pamene ankawachotsa anayang'ana kukhoma, dzanja linalo atandigwira pamkono mpaka zikhadabo zinandisiyira zipsera. Masana omwewo thumba la magaziwo linapachikidwa pamwamba pa bedi la Tereza. Ndinakhala pansi n'kumayang'ana madontho akutsika m'kapaipi, limodzilimodzi, magazi a abambo akulowa m'kadzanja kake. Tsiku lachitatu milomo yake inayamba kufiira, ndipo anapempha chimanga chootcha.

Pa bedi loyandikana nafe panali kamnyamata kodwala chimodzimodzi, kochokera kutali kuseri kwa mapiri. Anafika nako mochedwa. Mayi ake anatuluka m'wodimo okha Lachinayi atapinda nsalu yoberekera pansi pa mkhwapa. Sindinawafunse dzina, ndipo zimenezi zikundiwawabe.

Ife tinabwera Lachisanu pa chapa, kaminibasi kaja. Tinatsika atatu: abambo, Tereza ali kumsana kwawo, ndi ine nditanyamula bulangeti ndi mbale. Azakhali anapitirira kwawo ku Chidzolomondo, kumene fodya ankawadikira. Abambo anapuma masiku awiri, lachitatu anapita kudimba kukakumba kachewere, ndipo sanagwe. Tereza akumwa mankhwala owonjezera magazi, ndipo pamene ndikulemba pano ali panja, akulimbana ndi ana a mbuzi.

Ndikadzakwanitsa zaka dezoyito, khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndidzapita ndekha kuchipatala chija kukapereka magazi, osadikira kuti wodwalayo akhale wa kwathu. Ndalonjeza, Amayi.

Ndimakukondani monga kale,
Mwana wanu,
Lorenso