Dzina la Memori Yakale

Make Kanyerere,

Landira moni wa manja awiri, ngakhale limodzi ndalipsereza pang'ono kushedi powotcherera geti. Uli bwanji kumeneko? Msana uja wasiya kuwawa? Ife kuno tadzuka. Kanyerere wako akudya, akunenepa, ndipo akungotuta zinthu monga mwa masiku onse. Dzulo masupuni onse ndawapeza m'nsapato yanga.

Ukudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Nkhani iyi pafoni imandikanika. Ndikangomva mawu ako ndimati zonse zili bwino. Sizinali bwino, ndakunamiza milungu itatu.

Ukukumbuka usananyamuke kupita kuntchito yakoyo, unakhala pampando wa kukhitchini n'kujambula mawu makumi anayi mu apu ya pafoni imene anatiikira aphunzitsi a ana ochedwa kulankhula? Mwana akadina chithunzi cha kapu, iwe umati "kapu". Akadina madzi umati "madzi", kenako kumamveka ine ndikuyetsemula. Aphunzitsi anati tsiku lililonse, osadumphitsa.

Memori khadi ya m'foni ija inadzaza ndi mavidiyo amene ndimakujambulira, ndiye ndinagula ina yaikulu. Ndinakopera mafoda onse, ndinaonetsetsa kawiri ngati ndikumanga mabawuti. Kenako ndinachita zimene ndimachita kushedi: chitsulo chikatha ntchito ndimachipala n'kuchisunga choyera. Yakale ija ndinaifomata, kufufuta zonse zimene zinalimo.

Nditaika yatsopanoyo, zithunzi zinabwera koma mawu ako ayi. Mwana anadina kapu, zii. Anadina madzi, zii. Pankangotuluka kauthenga kachingerezi kataliatali, ine n'kumakatseka msanga ndi mkwiyo. Iye anatembenuza foni kusuzumira kumbuyo, ngati iwe wabisala kumeneko. Ndisaname, ndinatuluka panja.

Chondizunguza mutu n'chakuti mawu ako analimo. Ndikalowa mufoda ndekha ankamveka bwinobwino, koma apu sinkawaona.

Ndinayesa kukhala iwe. Akadina, ine ndinkati "kapu" ndi timawu tating'ono. Anandiyang'ana ngati ndamubera, n'kunditseka pakamwa ndi dzanja. Tsiku lachinayi anasiya kuigwira foniyo. Ka "ma, ma" kaja tinayamba kukamva kanathanso. Ndinkawotcherera zitsulo mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti mwana wanga ndamutseka pakamwa ndine, chifukwa cha ukhondo wanga wopusa.

Lolemba ndinalimba mtima n'kupita kwa mayi okonza mafoni aja, amene ndinawaikira zitsulo pazenera. Anandiuza kuti memori iliyonse ili ndi dzina lake lobisika, manambala ndi zilembo zisanu ndi zitatu, ndipo apu imayamba yafuna dzinalo isanafune foda. Akuti ine ndasamutsa banja lonse kupita kunyumba ina, koma mlendo akugogodabe pakhomo lakale. Mankhwala ake akuti n'kuipatsa memori yatsopano dzina la yakale.

Anaitanitsa yakaleyo kuti awerenge dzina. Nditawauza kuti ndinaifomata anagwira kumutu, akuti kufomata kumasinthanso dzina. Anati amuna ife timatsuka zosafunika, koma mbale zili pasinki sitiziona. Ndinangoseka.

Kenako anadina kapu kuti aone okha. Kauthenga kaja kanatuluka, chala changa n'kuthamanga kukatseka mwachizolowezi. Anandimenya padzanja, lopsa lomweli! Anati ndiwerenge. Pakati pa Chingerezi chonsecho panali dzina lija. Milungu itatu apu inali kundiuza kumene ikugogoda, ine ndikuitseka pakamwa.

Analilemba papepala, anaika memori yatsopano mukompyuta, analitayipa. Sanatenge ndi mphindi zisanu zomwe.

Kunyumba sindinamuitane mwana. Ndinangoika foni pansi n'kudina madzi. Iwe unalankhula, ine ndinayetsemula. Mwana anaponya supuni, anabwera chothamanga mpaka kugwa pakhomo la kuchipinda, osalira n'komwe. Anadina zithunzi zonse makumi anayi, n'kuyambiranso.

Lachisanu anabwera ndi kapu yake yobiriwira, anandigunda nayo pabondo, n'kunena kuti "mazi". Make mwana, anati "mazi"! Ndinamupatsa, ndinamupatsanso, mpaka thewera linachita kulemera. Vidiyo ndilibe, zojambula sindinazikumbukire n'komwe. Ungondikhulupirira, ngakhale ndikudziwa kuti mwezi uno sindikuyenera.

Dzina lija ndalidinda pakachitsulo n'kukakhomera kuseri kwa chitseko. Memori ikadzadzazanso, sindidzafomata kanthu ndisanaonetse mayi aja.

Tsono ndikupempha ziwiri. Choyamba undikhululukire. Ukalipe ndithu, koma ukalipe pafoni mwana ali pafupi, amve mawu ambiri.

Chachiwiri, aphunzitsi akuti tiwonjezere mawu makumi awiri, ujambule unditumizire. Pali limodzi limene unaiwala pa oyamba aja. Muli kapu, muli mphaka, muli mpando, koma "ababa" mulibe. Chithunzi cha nsapato chija chimafanana ndi majombo anga, ndiye dzulo nditalowa pakhomo anandiloza n'kunena kuti "pato". Ndayankha, nanga ndikanatani? Koma chonde yambira limeneli.

Upereke moni kwa achemwali ako ndi alamu, uwathokoze pokusunga. Mulungu akusunge ndi msana wakowo mpaka udzatipeze. Mzere wokhotakhota uli m'munsiwu walemba ndi mwana wako.

Ndine mwamuna wako,
Nsapato