Chimene ndinapeza m'dzanja la Zuleka

Lolemba, 9 Seputembala 1974

Samani yafika. Akundifuna kukhoti Lachisanu, mlandu wa Christopher, mwana wa a Elliot a mabwato asanu ndi chigayo ku Lifuwu. Akuti anapha Zuleka, amene asodzi anamuvuula m'bango mwezi wa Meyi. Ine mboni? Ndinangosambitsa maliro basi.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ndinakamvera nawo. Khoti lodzaza, fungo la thukuta ndi utaka. Oweruza atatu. Christopher mu suti, nsapato zowala, kuyasamula ngati akudikira basi. Iye akuti mtsikanayo samudziwa, sabata yonseyo anali ku chilumba cha Mbenji. Antchito anayi a bambo ake avomereza, mawu amodzimodzi ngati ana a sukulu. Abambo akewo ndi tcheyamani wa chipani. Angatsutse ndani?

Lachitatu, 11 Seputembala

Ndilembe pano, poti pakamwa sindingathe. Pakhosi pa Zuleka panali zizindikiro za zala. Mimba ya miyezi ngati inayi. Dzanja lamanja lofumbata gwa, mpaka ndinachita kulithira madzi ofunda. M'katimo batani lagolide la pamkono wa malaya. M'sanda yokulungira maliro simulowa kanthu, ndiye ndinalimanga pa nsonga ya mpango.

A Shehe anatiphunzitsa kale: "Wosambitsa maliro alibe maso, alibe pakamwa." Zaka khumi ndi ziwiri sindinaululepo za mtembo. Ndikanena za khosi andifunsanso za mimba. Mayi ake, a biti Mustapha, sakudziwa.

Lachinayi, 12 Seputembala

Beseni lomwe ndinasambitsira Zuleka ndinalitaya kunyanja. Lero m'mawa lili pakhomo, madzi ali m'kati, ofunda. Mwina ana. Koma ana ake ati?

A Elliot atumiza thumba la mpunga, ati moni chabe. Sindinalimasule. Masana Ayufi awiri, anyamata a chipani, anabwera kudzaona khadi langa la chipani, n'kuliyang'ana nthawi yaitali ngati lalembedwa Chiarabu.

Dzanja langa lamanja layamba kufumbata lokha. Potawaza ndisanapemphere ndachita kutambasula zala ndi lamanzere. Ndili ndi mantha, Allah akudziwa. Mawa ndikanena kuti sindinaone kanthu. Batani ndikaliponya pa mlatho popita.

Lachisanu, 13 Seputembala

Pa mlatho dzanja linafumbata batani, n'kukana kutambasuka. Ndinaliluma, osatheka. Ndinalowa nalo m'khoti chofumbata, nditalibisa m'nsalu.

Kalaliki anati, "Mayi Tausi, kwezani dzanja mulumbire." Ndinakweza. Zala zinatambasuka zokha, chimodzichimodzi, monga zinachitira za Zuleka.

Batani pa simenti, ngwee! Linagubuduka kudutsa khoti lonse, n'kukaima pa nsapato ya Christopher.

Sindinanene liwu. Palibe anati ndi la yani. Christopher anangowerama, n'kulitola, kulipukuta pa jekete, n'kuliika m'thumba.

Woweruza wapakati anaika cholembera pansi. A biti Mustapha sanayang'ane mnyamatayo, anayang'ana ine.

Mlandu auimitsa, Lolemba adzandifunsa zonse. Madzulo ano ndipite kwa mayi ake a Zuleka kaye, asakamvere za mimba pagulu. Mpunga ndabweza.

Dzanja likulemba bwinobwino tsopano, koma lanyowa, ndipo sindinakhudze madzi.