Kolala ya Bana Mwila

Lachinayi, kuno ku Chawama. Tsiku lowawa.

Anandiphunzitsa ndi malemu azakhali a ku Katete, kuti konifulawa ndi ufa wosalala uja wochokera mumtima mwa chimanga. Umausungunula m'madzi ozizira, kuthira owira, n'kuviikamo yunifomu ya kutchalitchi. Ukasita, kolala imaima ngati khutu la galu. Zaka zonsezi chinsinsichi ndinauza munthu mmodzi yekha, Bana Mwila, mnzanga wa khomo loyang'anana.

Lolemba anabwereka chitini changa cha konifulawa. Dzulo anabweza chodzaza, ati, "Ambuya, naikamo vambiri, musadandaule." Maso anga a ng'alawa sanaone kanthu. Fungo ndilo linandiuza kuti anaikamo ufa wa kasitadi, bulauzi yanga ya kutchalitchi ili kale m'beseni, yonse chikasu! Ndinachapa katatu, osachoka.

Lero m'mawa azimayi timalandira abusa atsopano, woyambitsa nyimbo anayenera kukhala ine. Ndakhala benchi lakumbuyo nditafunda chitenje, nyimbo yanga ayambitsa Bana Mwila, kolala yawo ili mbee, yoima ndi ufa wanga. Potuluka ati, "Ambuya, mwafunda, mumvera mphepo?"

Ndayankha kuti eya. Ine wamkamwa chonchi, eya basi...