Zithunzi Ziwiri za Achemwali

Amayi, kumene muliko zikuyenda bwanji? Ine kuno ndatopa. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa ndikanena kuti ndili bwino mudziwa kuti ndikunama, monga munkadziwira ndili mwana.

Za pakhomo kaye. Chimanga cha kumunsi kwa phiri chinachita bwino, koma cha kumtunda chinapsa ndi ng'amba. Mchimwene wanu, atsibweni a Gedioni, anagulitsa fodya ndipo mpaka lero akudandaula za mitengo kwa aliyense wowapatsa moni. Mwana wanu Limbani ali ndi khanda lalikazi, alitcha dzina lanu. Limalira mokalipa ngati inu mukapeza mbuzi m'dimba. Denga la khitchini likadali lobooka pomwe munalisiya paja.

Digiri ndinatenga, Amayi, ngakhale simunandione m'gauni. Ntchito ndiye kulibe. Ndinayenda m'maofesi ku Lilongwe mpaka nsapato zinatha zidendene, kenako ndinati basi, ndiyambe zanga. Musaseke: ndimaphunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi kudzera pafoni. Makasitomala anga ndi anthu a m'tauni okhala pampando tsiku lonse, wina ali ku Joni. M'mawa ndimakwera chitunda cha kuseri kwa tchalitchi, poti netiweki imagwira pokhapo, ndimatsamiritsa foni pamwala, n'kuyamba kudumpha ndi kunyamula zigubu za madzi, iwo n'kumatsatira ali m'nyumba zawo. Azimayi opita kuchigayo amaima n'kumandionerera. Wina anafuula kuti, "Takondwa, digiri ija inali ya kudumpha chonchi? Bwera udzanyamule thumbali, thukuta lisapite pachabe!" Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinkati dikirani muone.

Vuto ndi loti bizinesi imeneyi imakula ngati mtengo wa m'bawa. Munthu amalowa, wachita sabata ziwiri, wasowa. Wina amafunsa kuti, amene unawathandiza ali kuti, tiwaone? Ine ndinkafuna zichitike lero lomwe. Paja munkati, "Iwe umafuna kukazinga chimanga tsiku lobzala." Sindinasinthe.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi ya achemwali a Felesiya, ku Malomo kuja akuphunzitsa. Inu mutapita ndi sitiroko ija, nawonso anayamba zomwezo: mutu, miyendo kutupa, kupuma mwabefu akangokwera kamtunda ka kusukulu. Kuchipatala anawauza kuti bipi yakwera, achepetse mchere ndi thupi. Ndinachita mantha, Amayi. Ndinawalowetsa m'gulu langa la pafoni, ndipo palibe kasitomala amene analimbikira ngati iwo. Patapita miyezi, bipi inatsika, miyendo inaphwa, ankafika kusukulu akucheza ndi ana m'njira.

Ndinaona kuti umboni uja ndi umenewu. Ndinawapempha kuti ndiike zithunzi zawo patsamba langa la pa intaneti, iwo n'kuti, "Ngati n'za anthu ako a m'tauniwo, ika." Ndinatenga cha pa ukwati wa Limbani, atadzaza diresi lonse, ndi china cha posachedwa ataima pakhonde. Ndinaziika pamodzi, china n'kulemba kuti Kale, china Tsopano. A m'tauni anakhamukira, foni sinkapuma. Sabata imeneyo ndinkayenda ngati ndagula galimoto.

Koma intaneti ilibe mpanda. Wina ku Malomo anaziona, zinayenda foni ndi foni mpaka kumsika. Ndipo kumeneko anthu anaona zimene inunso mukanaona: mayi wa thanzi, wosamalidwa bwino, ndi mayi yemweyo atatha thupi. Anati mng'ono wake waika zithunzi kuti anthu athandize matenda.

Loweruka lake amayi a chigwirizano anafika pakhomo ndi nyimbo zozondera odwala, atasenza ufa, shuga ndi mafuta ophikira. Achemwali anayesa kufotokoza, iwo n'kumangoti, "Limbani mtima, aphunzitsi, Mulungu salephera." Apongozi awo anachoka kumudzi kudzawafunsa pambali kuti, "Mwananga, usandibisire, munakayezetsa nonse awiri?" Kugolosale ya alamu, a bambo a Yamikani, amuna anzawo ankawanena pamaso kuti, "Achimwene, katundu yenseyu m'mashelefu, mkazi n'kumaoneka mitsempha ya m'khosi? Kapena ndiwo zikupita kwina?" Mukuwadziwa alamu, munthu wofatsa amene ankanyadira kuti anatenga mkazi wonga bango n'kumusandutsa mayi wolemekezeka. Anasiya kudya pakhomo, kenako anaitanitsa ankhoswe.

Anandiitana nanenso. Atsibweni a Gedioni anakhala kumbali yathu monga nkhoswe. Ndinafotokoza zonse, za bipi, za mtima, za mafuta m'thupi, ngati ndili m'kalasi. Atsibweni anamvetsera mpaka ndamaliza, kenako anati, "Ndiye mphwanga, ntchito yako ndi yoondetsa anthu? N'kumakulipira? Chaka cha njala chija tinaonda tonse mudzi uno, palibe amene anatumiza bilu." Onse anaseka, ngakhale a kuchimuna.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinati, "Amayi anali onenepa, nonse munkawayamikira kuti akudya bwino. Lero ali kuti?" Atsibweni anayang'ana pansi, achemwali anayamba kulira. Zinali zoona, koma ndinaziponya ngati mwala, ndipo zinagwera anthu amene anakunyamulani kupita nanu kumanda. Chigamulo chinali chachifupi: zithunzi zichoke, zodumphadumpha zithe, Felesiya abwezere thupi kuti mwamuna wake ayende momasuka pamsika.

Ndinazichotsa tsiku lomwelo. Ena mwa makasitomala atsopano aja anayamba kuzimiririka, monga amachitira. Achemwali anatuluka m'gulu, foni yanga osayankha. Ndinkakwerabe chitunda chija m'mawa uliwonse, kumwetulira pakamera n'kumafuula kuti tiyeni, tiyeni, musafooke, pamene wofooka ndinali ine. Za bizinesi sizinkandiwawa kwambiri. Chinkandisowetsa mtendere n'choti tsiku lina foni idzalira, n'kumva za achemwali zimene ndinamva za inu.

Lamulungu lapitali ndinalephera kupirira, ndinakwera minibasi kenako kabaza mpaka ku Malomo. Achemwali ndinawapeza akuchokera kutchalitchi, dzuwa la Okutobala lili phwee. Amayi, ndinawaona ndili patali. Thupi lonse lija linali litabwerera, akuyenda mwapang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, azimayi anzawo akuwauza kuti, "Eya, tsopano ndiye mwachira, aphunzitsi." Iwo n'kumayankha kuti, "Mapemphero anu, amayi."

Moni anandipatsa wozizira. Titalowa m'nyumba anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko. Anamasula chitenje, mkati munali china. Anamasula chimenecho, munali siketi yokhuthala pamwamba pa inzake. Anavula bulauzi, mkati munali juzi ya alamu ija ya m'nyengo yozizira. Zonse zinaunjikana pabedi, patsogolo panga n'kutsala achemwali a pachithunzi chachiwiri chija, akudzikupiza ndi buku la nyimbo.

"Watsegula pakamwa bwanji?" anatero. "Umayesa ndine chitsiru? Yamikani ndikufuna ndidzamuvinire pa ukwati wake. Koma banja langanso ndikulifuna. Iwe unaphunzira za thupi, za anthu sunaphunzire."

Ndinaseka mpaka misozi, kenako inasanduka misozi yeniyeni. Anandiuza kuti sanasiye ngakhale tsiku limodzi. Amachita m'chipinda momwemo, alamu n'kukweza wailesi pabalaza kuti oyandikana nawo asamve kudumpha. Juzi ija anapereka ndi alamu omwe. Akuti zovalazo azichotsa chimodzichimodzi, mwezi uno siketi, Khirisimasi ikadutsa juzi, kuti maso a anthu azolowere osadzidzimuka. Kwa ine anaika malamulo: pafoni ayi, chithunzi ayi, kuwatchula kwa makasitomala ayi. Ndikafuna kuwaphunzitsa ndizibwera ndekha ngati mlendo wodzaona mwana. Potuluka, alamu anangondiuza mawu amodzi, "Alamu, foniyo izikhala m'chikwama."

Ndiye ndi mmene zilili, Amayi. Munthu mmodzi yekha amene ndamuthandizadi, amene akanandibweretsera makasitomala a Lilongwe yense, akuyenda m'Malomo atavala juzi mu Okutobala kuti ntchito yanga isaoneke. Bizinesi ikukwawa. Mawa ndikwera chitunda, ndikajambula zigubu zanga, ndikayankha amene afunse kuti umboni uli kuti. Ndidzawauza kuti ayese okha aone. Ena achoka, ndikudziwa, ndipo mtima wofuna zinthu msanga uja ukundidyabe.

Koma Loweruka ndikupita ku Malomo, ndi Loweruka linalo, ngakhale msewu ukhale matope mvula ikayamba. Malo amene ali pambali panu apo asawayembekezere achemwali msanga. Ndikulonjeza kuti ndiwachedwetsa mmene ndingathere, afike kwanuko ali nkhalamba yoyendera ndodo, yotopetsa adzukulu. Mukawasowa, pirirani.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wosakhazikika uja,
Takondwa