Lamulo Lanu la Zithunzi, Ababa

Kuriachan Vattakkuzhy, mwini Situdiyo ya Vattakkuzhy, Pala
Anatisiya pa 9 Okutobala

Ababa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Chithunzi chili pamwamba pa uthengawu ndi chija cha pa laisensi ya njinga yanu yamoto. Tikudziwa kuti simunkachikonda. Munkati wojambulayo anakuwalitsani mphuno ngati mwangochoka pa chiwaya. Pepani, tilibe zambiri zosankhapo. Munajambula theka la anthu a m'tauni ya Pala muno kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma tikamakufunani inuyo m'mabuku a zithunzi timangopeza chigongono chanu, kapena msana wanu mukukonza kolala ya mkwati.

Situdiyo idakali momwe munaisiyira, pamwamba pa ophika buledi aja, ndipo fungo la mabanzi limakwerabe masitepe nthawi yake yomweyo. Ndimatsegula Loweruka lokha. Anthu amabwerabe kudzafuna zithunzi zawo zakale, ndipo apa m'pamene munatisiyira chintchito. Munthu wina aliyense akanasunga zithunzi m'kompyuta potsata maina a eni ake, kapena chaka. Inu munkazisunga potsata nyimbo. Wobwera ndi chithunzi choti mumukonzere simunkayamba mwamufunsa kukula kwa felemu. Funso lanu loyamba linali lakuti, "Munthuyu amakonda nyimbo yanji?" Kenako nyimboyo inkalira mobwerezabwereza pa kasipika kanu mpaka ntchito ithe, mpaka ophika buledi pansipo ankayamba kuiyimba osadziwa komwe aitenga. Munkati mtundu wa thambo ndi kuwala kwa pankhope mumazimva m'nyimbomo, manja amangotsatira. Tsopano ine ndimakhala pampando wanu n'kumafunsa anthu olemekezeka kuti, "Tsiku lomwe Ababa ankakonza chithunzi chanu pankalira nyimbo yanji?" Mwezi watha a Pappachan ogulitsa nsomba aja anaima pakhomo, dzanja pachifuwa, n'kuyimba ndime yonse kuti tipeze chithunzi cha ubatizo wa mdzukulu wawo. Tinachipeza. Mawu awo sanasinthe, akadali a munthu woitanira malonda. Mukanaseka kuseka kwanu kuja kopanda mawu, kogwedeza mapewa okha.

Nyengo ya Lenti, maukwati akaima, munkapanga zanuzanu. Munkaika ng'oma za ku chikondwerero cha kukachisi zomwe munajambula pafoni, kapena nyimbo za pa Misa ya maliro, n'kumvera maso mutatsinzina, kenako n'kuyamba kudula ndi kumata zithunzi. Tchalitchi chathu chikuyandama pamwamba pa mitengo ya labala. Nsomba zikusambira pakati pa maambulera pa depoti ya mabasi. Amayi ankayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Amuna a anzanga amabwera ndi nsomba m'jumbo, wanga amaziulutsa m'mwamba." Inu munkayankha kuti, "Thresiamma, zanga sizinunkha." Palibe anagulapo ngakhale chimodzi. Cha maambulera chija Amayi anachipachika kuchipinda, mbali yomwe munkagona, ndipo amachipukuta Lachisanu lililonse, akuching'ung'udzirabe.

Koma chomwe chinkatidyetsa chinali kumata pa zithunzi anthu amene panalibe pojambula. Kuno nyumba iliyonse ili ndi wake amene ali ku Dubai, ku Muscat kapena ku Ireland, ndipo tchuthi sichigwirizana ndi masiku a ukwati. Inu munkawabweretsa. Namwino amene pa ukwati wa mng'ono wake anali pa ntchito kutsidya kwa nyanja ankapezeka ataima pambali pa mkwatibwi, sari yake, nsalu ija amavala akazi kuno, yofanana ndi za anzake, mthunzi wake ukugwera mbali imodzi ndi ya ena onse. Achimwene anga a Jomon munawamata pa zithunzi za Pasaka zaka zinayi zotsatizana, ndipo chaka china munawanenepetsa pang'ono kuti Amayi asiye kudandaula kuti ku Muscat sakudya.

Lamulo munali nalo limodzi lokha: womwalira simunkamuika pakati pa amoyo. Payekha, inde. Munkamuveka malaya oyera, kumuchotsa makwinya ngati abale afuna, ngakhale kumukhazika pa mitambo. Koma pa ukwati womwe unachitika iye ali kale m'manda, ayi. Anthu ankakwiya, ena n'kupita ku situdiyo ya kutsidya kwa mlatho, komwe amamata aliyense paliponse, ngakhale pamsana pa njovu. Tsiku lina mayi wina wamasiye atatsika masitepe akulira, ndinakufunsani kuti mukuumiranji mtima. Munati, "Wa ku Dubai akanatha kubwera, bwana wake ndiye anakana. Ine ndimangokonza zimene bwanayo analakwitsa. Koma womwalira sakanabwera. Mwana adzakula akuchiona pakhoma, mawa adzalumbira kuti agogo ake anamunyamula pa ubatizo. Ndine yani kuti ndimuike mwana bodza m'mutu?" Kenako munandituma tiyi, monga munkachitira nkhani ikayamba kulemera.

Mu Januwale ndinalandira digiri ija, ya masamu, imene munkati ndiitenge kuti ndisadzakalambe ndi msana wopindikira pa kompyuta ngati inu. Ku mwambo wake ku Kottayam tinapita awiri, ine ndi Amayi, poti Achimwene kuntchito kwawo anawamana tchuthi. Wojambula wa kumeneko anatiimika dzuwa lili kumbuyo kwathu, n'kutiuza kuti timwetulire. Chithunzicho chitabwera, Amayi anachisunga m'kabati masabata awiri osachipachika. M'mawa wina akusenda chinangwa, osandiyang'ana, anati, "Merin, uwaikemo bambo ako."

Ndinati, "Amayi, lamulo lawo mukulidziwa."

"Lamulo lawo linali la makasitomala. Ine si kasitomala. Ndawachapira zaka makumi atatu."

"Akanakana."

"Eya, akanakana. N'chifukwa chake ndikuuza iweyo."

Ababa, munthu akanayankha chiyani? Mbali ina kunali inu, amene simungandidzudzulenso. Mbali inayo kunali Amayi, amene chichokereni inu sanandipemphepo kanthu, ngakhale kuwalandira jumbo yochokera kumsika. Ndinavomera. Ndikukuuzani pano m'nyuzipepala, Pala yense akuwerenga, kuti musamvere kwa ena.

Vuto loyamba linali nyimbo. Nditakhala pampando wanu ndinazindikira kuti nyimbo ya munthu aliyense m'tauni muno ndikhoza kuipeza, koma yanu sindikuidziwa. Moyo wanu wonse munkamvera za eni ake. Ndinafunsa Achimwene pafoni, anati mwina imodzi mwa za m'makanema akale, koma sakukumbuka iti. Azakhali anga a Sisitere Rosily, alongo anu, anatchula ya pa Misa, monga ndinkayembekezera. Amayi anangoti, "Onsewo sakudziwa kanthu." Akuti inali nyimbo ya opalasa bwato ya kwanu ku Kuttanad, kumadzi komwe munachoka musanakwatire, ndipo munkaiyimba chapansipansi pometa ndevu basi, chitseko chotseka, m'zaka zoyamba za banja. Ndinaifunafuna paliponse, sinapezeke. Amayi anatenga foni yanga, kulowa nayo kuchipinda, n'kutseka. Atatuluka anandibwezera atajambulamo nyimboyo ndi mawu awo, n'kupita kukayang'ana mphika. Ndinali ndisanawamvepo akuyimba kunja kwa tchalitchi. Mawu awo amanjenjemera pa ndime yachiwiri, ndipo chapakati pamamveka tambala wa oyandikana nafe.

Ntchitoyo inanditengera masiku anayi. Thupi ndi mutu ndinazitenga pa ukwati wa Achimwene, pomwe wina anakujambulani mwangozi mukukalipira wogwira nyale. Pakamwa ndinakutsekani. Dzanja lamanja linali m'mwamba likuloza, ndiye ndinabwereka la amalume a Thommachan, mundikhululukire. Ine ndi Amayi ndinatitalikitsa pang'ono kuti mukwane pakati, n'kuwonjezera njerwa pa khoma la kumbuyoko. Tsiku lachitatu ndinali pa khutu lanu lamanzere, ndikudula mozungulira tsitsi limodzilimodzi, mawu a Amayi akubwerezabwereza pa kasipika, pamene ndinaona kachipsera kamene sindinakaonepo muli moyo. Zaka zonsezo tikudyera pa tebulo limodzi. Ndinazimitsa kompyuta, n'kutsikira pansi, n'kudya mabanzi atatu nditaimirira. Mwina lamulo lanu silinali loteteza ana okha. Mwina munkadziwa zomwe ntchito yotere imachita kwa woigwirayo, koma simunafune kunena.

Chinatuluka bwino, Ababa. Sindikudzitama. Mukanachikulitsa momwe mukanafunira, msoko simukanaupeza. Ndinawaitana Amayi ku situdiyo ndisanachitsuke. Anakwera masitepe aja koyamba chichitikireni maliro, akupumira pa sitepe iliyonse, n'kukhala pampando wanu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka pansipo anatulutsa buledi wa masana.

Kenako anati, "Ameneyu ndani?"

"Ababa."

"Nkhope ndi yawo, sindikukana. Koma bambo ako akanaima phee chonchi, manja pansi, ngati mwana wolandira Ukaristia koyamba? Dzuwa lili kumbuyo? Akanakhala ali uko, akulanda kamera kwa mwini wake." Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya sari. "Uwachotsemo."

Ndinakuchotsani. Masiku anayi anatha ndi kudina kamodzi. Panatsala ine uku, Amayi uku, pakati pathu khoma la njerwa. Ndinayamba kutiyandikizanso monga tinaimira tsikulo, koma Amayi anandigwira dzanja.

"Pamenepo usiye choncho."

Chimenecho ndicho chili pabalaza tsopano. Alendo amati wojambula wa ku Kottayam sadziwa kuimika anthu, mayi ndi mwana wake kutalikirana chonchi ngati anayambana. Amayi amavomereza kuti eya, ojambula a masiku ano, n'kuwathirira tiyi. Dangalo ndi la mapewa anu ndendende, poti ndinayeza ndine. Ngati kumeneko n'kuphwanya lamulo lanu, tidzakambirana tikadzaonana, ndipo Amayi ati adzakuyankhani okha.

Tikukusowani: akazi anu a Thresiamma, alongo anu a Sisitere Rosily, Jomon ndi akazi ake a Ancy ku Muscat, ndi ine Merin. Misa yokukumbukirani ichitika Lamlungu likubwerali ku parishi yathu, ndipo pambuyo pake abale ndi anansi tidzadyera limodzi kunyumba.

Malo anu sitidzatsekapo, Ababa, ndipo sitidzakuiwalani.