Dzina la Uja Anatsala M'madzi

Canning Vale, Perth

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Mwendo uja ukuvutabe m'mawa? Nanga Amayi, shuga watsika? Kuno tilipo, kupatula chifuwa cha Tithokoze chimene chabwera ndi kuzizira kwa Julaye. Ine ndikadali ku Kewdale, kukonza maulendo a malole. Mdzukulu wanuyo Chichewa akumva chonse, koma kuyankha ndi m'Chingerezi basi.

Ndalemba chifukwa pafoni sitinamvane. Munadula ndisanamalize.

Nkhaniyi inayamba ndi mpongozi wanu Gladness. Kunyumba yosungira okalamba kumene amagwira ntchito kuli Mayi Margreth, amene anapachika pakhoma chithunzi cha sitima ya bambo awo. Pachumuni cha sitimayo pajambulidwa tsekwe wakuda. Gladness anakumbukira kuti Agogo Patson ankatchula mbalame yomweyo ponena za sitima imene inawasiya m'madzi mu 1944, iwo ndi mng'ono wawo, pochoka ku Mombasa kupita kunkhondo ya ku Burma. Sindinafulumire kukhulupirira, chifukwa atsekwe akuda kuno ali paliponse, ngakhale pambendera. Ndinawerenga kwa miyezi, ndipo mwezi, njira ndi malo zinagwirizana. Ndi yomweyo.

Inali sitima yaing'ono, ya anthu osakwana zana. Ntchito yake inali kuperekeza sitima zikuluzikulu zonyamula asilikali ndi katundu, kuziteteza ku sitima za adani zoyenda pansi pa madzi. Inayambira m'mphepete mwa Australia muno, kenako inatumizidwa ku Colombo ndi ku Mombasa. Nkhondo itatha inabwerera ku Fremantle, ndipo patapita zaka anaiphwasula.

Zimene Agogo ankanena ndi zoona. Sitima yawo itaphulitsidwa, yoperekezayo inadutsa pakati pa anthu osaima, ikuponya mabomba m'madzi, ndipo ena amene ankasambira anafa ndi mabombawo. Koma lamulo linali limodzi, kaya m'madzimo muli azungu kaya akuda: woperekeza saima mdani asanathamangitsidwe, chifukwa akaima amizidwa nayenso, sitima zina zonse n'kutsala zopanda mtetezi. Mdani atathawa inabwerera n'kuvuula anthu ambiri, ochuluka a iwo asilikali a kwathu. Agogo anatsitsimukira m'chipatala ku Colombo, osadziwa amene anawavuula. Sindinganene motsimikiza kuti iwo anavuulidwa ndi sitima yomweyo, ndipo sindinena zimene sindikuzidziwa.

Munati ndikuikira kumbuyo azungu. Bambo, ndinu amene munatisimbira za msewu wa ku Tete nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, mukuyendetsa lole pakati pa asilikali operekeza. Munati lole yapatsogolo ikaomberedwa, lamulo linali kuponda moto, ngakhale woyendetsayo akhale mnzanu wodyera naye mbale imodzi. Sindikukumbutsani kuti ndikupwetekeni mtima. Ndikungoti lamulo limeneli mumalidziwa kuposa ine amene ndangoliwerenga m'mabuku.

Ndinakawaona Mayi Margreth. Anandiuza kuti bambo awo ndi amene ankagubuduzira mabombawo m'madzi, ali mnyamata, ndipo mpaka imfa yawo sanalowenso m'nyanja, m'dziko limene ana amadziwa kusambira asanadziwe kulemba. Kenako anandifunsa kuti agogo athu amene anamirawo, mng'ono wawo wa Agogo Patson, dzina lawo anali ndani. Ndinawauza kuti sindilidziwa.

Mu Novembala ana ndi adzukulu a anthu a sitima yoperekeza ija adzasonkhana ku Fremantle, monga amachitira chaka chilichonse, kutchula maina a akufa awo. Asilikali athu sanatchulidwepo. Andipempha kuti ndikaime nawo, ndipo inu munati ndisapite. Ndalingalira mofatsa, ndipo ndipita. Ndikakhala pakhomo, adzatchula awo okha monga kale. Za mabomba zija ndidzazinena pamaso pawo; ndawauziratu, ndipo avomera.

Pempho langa ndi limodzi: ndipatseni dzina lenileni la mng'ono wawo wa Agogo. Ndikudziwa kuti analowa usilikali ndi dzina la mnzake chifukwa anali wamng'ono, ndipo pakhomo tinkangoti uja anatsala m'madzi. Azakhali a Felesta akuti olidziwa mwatsala ndinu nokha. Mukandipatsa, ndidzalitchula mokweza pamodzi ndi mudzi wake ndi mfunda wake. Mukakana, sindidzapeka lina, ndipo lobwereka lija sindidzalitchula. Ndidzanena kuti panali mnyamata wa ku Ntcheu amene abale ake sanalole kuti dzina lake limveke pamalopo, ndipo ndidzafotokoza chifukwa chake. Chilichonse mwa ziwirizi chidzakhala choona. Kusankha kuli kwa inu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa Azakhali, kwa achimwene a Overstone ndi alamu, ndi kwa ana onse. Gladness ndi Tithokoze akupereka moni.

Ine mwana wanu, wokulemekezani ngakhale pamene ndalephera kukumverani,

Norman